Nkhuku ya Mwendo wa Amayi

Ndinagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi ina ya boma ku Zomba, kumene akatswiri ankayeza miyala ndi madzi a pansi pa nthaka. Ine sindinali katswiri ayi. Yanga inali kutaipa malipoti awo, ndipo m'malipotimo munkabwera mawu amodzi mobwerezabwereza mpaka zala zanga zinawazolowera: fulakicha. Mkulu wina wa mu ofesimo anandifotokozera tsiku lina kuti mawuwo amanena za ming'alu ya m'thanthwe. Anati phiri lathuli, ngakhale limaoneka lolimba chonchija, m'kati mwake ndi long'alukang'aluka, ndipo akasupe onse otsika m'phirimo amatulukira m'ming'alu yomweyo. Okumba mijigo akaphonya mng'alu amabwerako chimanjamanja. Ndinagwedeza mutu n'kupitiriza kutaipa. Kwa ine anali mawu a miyala basi.

Amayi anga ankakhala kumudzi kwathu, m'tsinde mwa phiri mbali ya ku Malosa. Anali munthu wosatha kukhala pansi, ndipo khalidwe limenelo ndinatengera iwowo. Chaka chimene ndikunenachi mvula inagwa yambiri mu Januwale, bowa anamera mbwee m'nkhalango za pamwamba pa phiri. Amayi anakwera ndi dengu lawo m'mamawa monga ankachitira chaka chilichonse. Potsika anaponda mwala wa ndere, phazi linaterereka, mwendo unalowa pakati pa miyala iwiri thupi n'kugwera kwina. Chakudza sichiimba ng'oma. Anthu ocheka matabwa ndi amene anamva kukuwa kwawo, ndipo anawatsitsa m'phirimo atawagoneka pa thabwa. Ine foni inandipeza ndili pa makina, ndipo ndinathamanga osatseka ndi kabati komwe.

Kuchipatala anawajambula mwendo. Adokotala anakweza chithunzicho pa windo kuti chiwale, n'kuloza ndi cholembera pa fupa la mwendo wamanzere, pansi pa bondo.

"Ndi fulakicha, mayi," anatero akuyang'ana ine.

Ndinachita ngati ndakumana ndi mnzanga wa kuntchito pamalo olakwika. Pachithunzipo panali kamzere kakuda kodutsa fupa mopingasa, kofanana ndithu ndi timizere tija akatswiri ankajambula pa mapu awo.

Amayi anandikoka chitenje. "Akuti chiyani? Undiuze m'chinenero chathu. Wathyoka, wang'aluka, kapena waphwanyika?"

"Wathyoka, amayi."

"Basi ndiye kuli bwino," anatero. "Nthambi ya pichesi ikathyoka timaimanga n'kugwira. Akanati waphwanyika ndikanalira, chifukwa mbiya ikaphwanyika n'kudzala."

Anawaika chikhakha choyera kuyambira m'ntchafu mpaka kuphazi, zala zokha zili panja. Adokotala anati chikhale masabata asanu ndi atatu. Kumudzi kunalibe wowasamala, choncho ndinawatengera kwanga ku Chikamveka, kumene ndinkachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri. Bambo a kunyumba anali atawasamutsira ku Lilongwe pa ntchito, ndiye m'nyumbamo tinalimo awiriwiri, ine ndi amayi.

Patapita masiku anayi kunabwera atsibweni anga, mchimwene wawo wa amayi. Anatsika pa njinga ya kabaza atakumbatira dengu lovindikira ndi chiguduli. Ine ndinkayesa ndiwo za odwala. Atavundukula ndinaona thadzi lofiira la mtundu wa kameta, uja wa khosi lopanda nthenga, litagona chammbali. Mwendo wake umodzi unali womangidwa ndi timitengo tiwiri ta nsungwi ndi luzi.

Atsibweni anafotokoza motsitsa mawu. Kutsidya kwa mtsinje wa kwathu kunali mkulu wina wolumikiza mafupa, amene luso lake analitenga kwa bambo ake. Mkuluyo sankasowa kuona wodwala. Ankangofunsa mwendo umene wathyoka, n'kutenga nkhuku ya pakhomo pa wodwalayo, n'kuithyola mwendo wa mbali yomweyo, n'kuimanga. Mankhwala ake akuda anali m'kabotolo. Tinkayenera kupaka pa mwendo wa nkhuku ndi pa zala za amayi m'mawa uliwonse. Lamulo linali limodzi lokha: wodwala asaponde pansi nkhuku isanaponde. Tsiku limene nkhuku idzayende ndi limene fupa la munthu lidzakhale litagwirana.

"Nanga ikafa?" ndinafunsa, mwina mwachipongwe.

Atsibweni anandiyang'ana ngati ndatukwana. Amayi ndi amene anayankha. "Ikafa ndiye kuti mwendo wauma. Usamanene zimenezo."

Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinawauza atsibweni kuti mapanga awiri avumbwitsa, kuti adokotala amanga kale mwendowo ndipo nkhuku ilibe nawo gawo. Ndinatinso amayi ndi munthu wa mpingo, wovala zoyera Lachinayi lililonse, ndiye zimenezi akazimva abusa atani? Atsibweni anandisiya ndilankhule mpaka malovu atauma.

"Mwamaliza, asukulu?" anatero. "Chikhakha ndi chanu, sitikuchikhudza. Nkhuku ndi yathu, musaikhudze."

Anamwa tiyi n'kumapita, nkhuku n'kutsala.

Masiku otsatirawo ndinalibe mtendere. Dengu linkakhala m'chipinda cha amayi, pafupi ndi bedi, pamene dzanja lawo linkafika. M'mawa ndisanapite kuntchito ndinkawasambitsa, kuwaphikira phala, kutaya za m'chitini, kenako kupaka mankhwala akudawo pa zala zawo ndi pa mwendo wa nkhuku, nkhope nditakwinya. Masana ndinkakwera njinga kubwerera kudzawapatsa chakudya, n'kuthamangiranso ku ofesi thukuta lili kamukamu. Chipinda chinayamba kununkha zitosi. Utitiri unalowa m'mabulangete mpaka ndinkadzikanda pamaso pa abwana. Amayi okha ndi amene sankadandaula. Ankaipatsa madeya m'chikhato, kuimwetsa madzi pa chivindikiro cha botolo, n'kumacheza nayo ngati mnzawo wa m'chipatala. Ndikamalowa ndinkamva akuti, "Lero wagona bwanji, mnzanga? Ine kukuyabwa m'katimu."

Ndiyenera kunena chilungamo, nkhukuyo inkachira. Pofika sabata yachinayi inkaimirira ndi mwendo umodzi m'dengumo, winawo ikugunditsa zala pansi n'kubweza msanga. Amayi nkhope inawala. Anayamba kukamba za chimanga chawo, kuti abwerera nthawi ya mondokwa isanathe.

Loweruka lina azimayi a kumpingo kwathu anatumiza uthenga kuti akubwera masana kudzazonda odwala ndi kupemphera nawo. Manyazi anandigwira asanafike n'komwe. Ndinaona m'maganizo amayi a abusa akulowa m'chipindamo, akuona nkhuku ya timitengo, kabotolo kakuda pawindo, ndi zala za amayi zopakidwa. Pakutha pa sabata tauni yonse ikanadziwa kuti mlembi uja wa ku ofesi ya miyala amasunga zithumwa. Ndinasambitsa amayi kuphazi, kabotolo ndinakabisa m'sutikesi, ndipo ndinanyamula dengu.

"Ukupita nayo kuti?"

"Ikaothere dzuwa kuseri, amayi. Alendo akapita ndiibweza."

Sanakondwe, koma nawonso ankawaopa amayi a abusa. Ndinaika dengu kuseri kwa khitchini, pafupi ndi mpanda wa udzu, n'kuchotsa chiguduli chija kuti ipume mphepo.

Alendo anabwera asanu ndi awiri, anaimba, anapemphera, anamwa tiyi, anaimbanso. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo kumeneko tinaimanso kukamba za maliro a kwa uje ndi ukwati wa kwa uje. Pobwerera dzuwa linali litapendeka. Nditazungulira kuseri ndinapeza dengu lili chafufumimba, nthenga zofiira zili mbwee, ndipo mumpanda munali chibowo chimene galu wa aneba ankadzera masiku onse. Ndinkachidziwa chibowocho. Ndinali nditanena kambirimbiri kuti ndichitseka. Nkhuku ya miyendo iwiri ikanathawira padenga la bafa, koma iyi ikanathawa ndi chiyani? Chimene galuyo anasiya ndi timitengo tiwiri ta nsungwi, luzi likadali lokulunga.

Ndinakhala pansi pomwepo. Sindinkakhulupirira kuti mwendo wa amayi uli m'mimba mwa galu. Koma amayi ankakhulupirira, ndipo ndinkawadziwa. Akanamva kuti nkhuku yafa akanatembenukira kukhoma, osadzayesanso kuponda pansi. Munthu amene ankakwera phiri ndi dengu pamutu akanathera pabedi chifukwa cha manyazi anga.

"Nkhuku ija bwanji?" anafunsa nditalowa.

"Ndaiika m'khitchini, amayi. Muli mofunda, ndipo m'chipinda muno ndikufuna ndithiremo mankhwala a utitiri."

Bodzalo linatuluka losalala mpaka ndinadzidabwa.

M'mawa mwake linali Lamulungu. Ndinavala za kutchalitchi, Baibulo m'chikwama, koma ndinalunjika kumsika. Ndinazungulira mbali ya nkhuku kawiri konse. Zofiira zinalipo, za kameta zinalipo, koma yofiira ya kameta kunalibe. Wogulitsa wina anandifunsa ngati ndikufuna yodya kapena ya kwa asing'anga, anzake n'kuseka. Ndinapita kumsika wa ku Mpondabwino, osaipeza. Ndinakwera minibasi mpaka ku Chinamwali, nsapato za kutchalitchi zikundiluma, ndikusuzumira m'madengu a anthu ngati wakuba. Kumeneko mayi wina anali nayo imodzi, thadzi lofiira, khosi lili psuu. Inali yocheperako pang'ono, koma ndinati odwala amaonda. Sindinanenerere mtengo n'komwe.

Ndili m'minibasi pobwerera, nkhuku ili pamiyendo, m'pamene ndinazindikira chimene chinatsala. Nkhukuyi inali ndi miyendo iwiri yabwinobwino.

Ine chibadwire sindinapheko nkhuku. Kwathu ankandiseka kuti ndimathawa ndi magazi a nsabwe omwe. Tsiku limenelo ndinalowera kuseri kwa khitchini, ndinavula nsapato, ndinakhala pa njerwa, nkhuku ndinaipana m'maondo mutu utaloza kutsogolo. Ndinatseka maso kuti ndikumbukire amayi ali pabedi, mmene ndinkawaonera ndikaima kumiyendo kwawo. Chikhakha chinkakhala mbali ya dzanja langa lamanja. Ndinagwira mwendo wa mbali imeneyo. Unali wofunda, ndipo nkhukuyo inkandiyang'ana ndi diso limodzi. Ndinayesa koyamba, manja anakana. Ndinayesa kachiwiri, ndinangoipweteka, inakuwa, ndipo ndinaitseka mlomo kuti amayi asamve. Kachitatu ndinaluma mano. Linamveka phokoso laling'ono, thyo, ngati kuthyola phesi louma la chimanga. Ndinasanza pomwepo pa njerwa.

Mawu aja oti fulakicha ndinali nditawataipa kosawerengeka, koma sindinkadziwa kuti chinthu chikamathyoka chimamveka m'manja mwa wothyolayo mpaka m'zigongono. Ndinamanga mwendowo ndi timitengo tomwe tija ndi luzi lomwe lija, n'kupakapo mankhwala akuda ambiri kuti abise ntchito yanga.

Nditalowa nalo dengu, amayi anatambasula dzanja. Anaisisita pamsana, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Yafooka," anatero.

"Ndi kuzizira kwa m'khitchini, amayi."

"Dzulo unati muli mofunda."

Ndinanamizira kuti madzi akuwira pamoto, n'kutuluka. Sanafunsenso. Madzulo ndinamva akuipatsa madeya monga mwa masiku onse, ndipo ndinapuma kuti ndapulumuka.

Kupulumuka kwake kunali kuti? Nkhuku ya amayi inali itatsala pang'ono kuyenda, koma yangayi inkayamba kumene. Sabata inatha ili chigonere. Yachiwiri inatha. Mwendo unatupa, kenako unaphwa, koma unaoneka wokhota ngati chikwakwa. Amayi anasiya kukamba za mondokwa. Chakudya ankangotomola pang'ono n'kukankha mbale. Nkhuku ankaidyetsabe mokhulupirika, koma macheza aja anatha, m'chipindamo munangoti zii. Ine ndinkati akudandaula poona kuti mnzawo wabwerera m'mbuyo, ndipo ndinkadziwa kuti wabweza ndine.

Ku ofesi ndinayamba kulakwitsa. Lipoti lina ndinalitaipa katatu, abwana mpaka anandifunsa ngati kunyumba kuli bwino. Ndikakweza maso pawindo ndinkaona phiri lili chiimire, mitambo itakuta pamwamba pake, ndipo ndinkalikwiyira ngati munthu. Ndikakhala pa mpando ndinkafuna kunyumba, ndikafika kunyumba ndinkafuna ku ofesi. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo.

Masabata asanu ndi atatu atakwana tinapita kukachotsa chikhakha. Mwendo unatuluka woonda, wotuwa, khungu likusupuka. Anaujambulanso. Adokotala anakweza chithunzi pawindo lomwe lija n'kundionetsa kuti pa kamzere paja pamera fupa latsopano, lochindikala ngati mfundo ya nsungwi.

"Lagwirana bwinobwino. Tsopano agogo ayambe kuponda pang'onopang'ono ndi ndodo. Akapanda kutero bondo liuma, ndipo likauma ife sitingalibwezenso."

Anatipatsa ndodo ziwiri. Amayi anathokoza mwaulemu, manja pachifuwa. Titafika kunyumba anandiuza kuti ndiziimike pakona.

"Amayi, mwamva zimene anena adokotala."

"Ndamva."

"Ndiye tiyeni, ndikugwirani."

Analoza dengu ndi mlomo. "Mnzangayo sanaponde."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti ndadzitchera ndekha msampha. Ndikanena zoona, ndiye kuti nkhuku yawo inafa ndipo mwendo wauma. Ndikakhala chete, adikira nkhuku imene ndinaimanga ine, munthu wosadziwa ndi mfundo ya luzi yomwe. Uku bondo likuuma tsiku ndi tsiku. Ndinkaligwira powasambitsa, ndinkalimva likukana kupindika.

Ndinayamba kuiphunzitsa nkhukuyo kuyenda. Ndikunena izi ndi manyazi, koma ndi mmene zinalili. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkaitulutsa pabwalo, ndinkaimasula timitengo, n'kugwada pa dothi ndi siketi ya ku ofesi. Ndinkaigwira m'mapiko kuti iime, n'kumwaza madeya patsogolo pake. Ndinafukula chiswe pa chulu cha kuseri kwa mpanda. Ndinagula ndi usipa womwe. Inkakhadzula chakudyacho itatambasula khosi, koma ndikangoisiya inkadumpha kamodzi ndi mwendo wabwino n'kugwera chammbali, wokhotawo uli lende. Aneba, eni galu aja, ankasuzumira pampanda n'kundipatsa moni wautali kuti aone bwino. Ndinkawayankha ndi msana.

Sabata yachiwiri chichotsereni chikhakha, mtima wanga uja unaphulika. Ndinabwera masana, ndinapeza phala la m'mawa lili momwemo, ndodo zili pakona zitayamba kugwira fumbi.

"Amayi, nkhuku ndi nkhuku! Ilibe fupa lanu, ilibe magazi anu! Mukufuna mufere pabedi pano chifukwa cha ndiwo? Ine ndatopa, mwamva? Ndatopa!"

Anakoka bulangete mpaka m'khosi n'kuyang'ana kudenga. Ndinamenyetsa chitseko, ndinayenda wapansi mpaka ku Masongola osadziwa kumene ndikupita, ndikulira mumsewu ngati mwana, ana a sukulu akundipatukira. Ndinkawakwiyira amayi, atsibweni, mkulu wa mafupa uja, galu, amayi a abusa. Koma ndikawerenga bwino onsewo, wotsala ankakhala ine.

Loweruka m'mawa ndinatulutsanso nkhuku. Kunali nkhungu yotsika m'phiri, udzu uli chinyezi. Ndinagwada, ndinaiimika, inagwa. Ndinaiimikanso, inagwanso. Ndinayamba kuichonderera mokweza, ndikuitchula kuti mayi, ndikuilonjeza kuti sidzaphedwa ikangoponda kamodzi kokha. Misozi inkagwera pa nthenga zake.

Kumbuyo kwanga kunamveka go, kenako go.

Nditatembenuka ndinaona amayi pakhomo. Anali atatsamira ndodo imodzi, dzanja lina litagwira mphuthu ya chitseko, mwendo wodwalawo uli m'mwamba pang'ono. Thukuta linali chuchuchu pamphumi, chitenje chitamasuka mbali imodzi. Kuchoka pabedi kufika pamenepo anali atadumpha ndi mwendo umodzi.

"Isiye nkhukuyo," anatero. "Yavutika mokwana."

"Amayi, mugwa! Dikirani, yatsala pang'ono kuyenda, dzulo inayesa..."

"Siidzayenda imeneyo. Unamanga mokhota." Anapuma kaye. "Ndiponso mwendo wanga ndi wamanzere, mwanangawe. Iwe unathyola wamanja."

Ndinayang'ana nkhuku, ndinayang'ana amayi. Zinali zoona. Masabata onsewo ndinkapaka mankhwala mwendo wamanja wa nkhuku ndi zala za kumanzere za amayi, m'mawa uliwonse, osaona kanthu. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

"Munadziwa liti?"

"Tsiku lomwelo. Ndinayamba kuweta nkhuku iwe usanabadwe. Ija ndinaiswetsa ndekha, ndingaisokoneze ndi ya pamsika? Yanga inadyedwa ndi chiyani?"

"Galu wa aneba."

"Ndinamumva akulimbana ndi dengu, ife tili pakati pa nyimbo."

"Nanga bwanji simunanene, amayi?"

"Ndikanati chiyani? Yanga inafa, ndinadziwa kuti mwendo wapita. Ndinati ndingogona, ndizidyetsa iyi, mwana asadziwe kuti wandiphera mwendo. Ukanakhala nazo bwanji moyo wako wonse?"

Ine ndinkabisa imfa ya nkhuku kuti amayi asataye mtima, pamene iwo anali atautaya kale, n'kumabisa kuti ine ndisadziimbe mlandu. Tinakhala m'nyumba imodzi mwezi ndi theka, aliyense akusamala bodza la mnzake.

"Ndiye lero mwadzukiranji?" ndinafunsa.

"Ndakhala ndikukuona pawindo. Munthu wa sukulu, wa mu ofesi ya boma, kugwada m'matope kuphunzitsa nkhuku kuyenda! Ndati mwanayu apenga ndikuona. Iwe amene umathawa magazi a nsabwe unathyola fupa ndi manja ako chifukwa cha ine. Ndiye ine ndilephere kuponda pansi chifukwa cha iwe? Bwera undigwire. Ukathyoka uthyoke."

Ndinaika phewa langa m'khwapa mwawo. Ndinadziwa kuti mantha awo sanathe. Ankakhulupirirabe kuti mwendowo ndi wouma ndipo uthyoka ngati nkhuni. Anatsitsa phazi pang'onopang'ono mpaka zala zinakhudza simenti ya pakhonde, kenako chidendene. Anatsamirapo. Anatulutsa mawu amene sindingawalembe pano, amayi anga a zoyera za Lachinayi, mpaka aneba anabweza mutu pampanda. Tinadikira. Palibe chinathyoka.

"Ukupweteka," anatero modabwa. "Chouma sichipweteka."

Anapondanso kachiwiri.

Bondo silinabwerere lonse. Masabata aja tinataya anadya gawo lake, ndipo amayi anayenda chotsimphina mpaka tsiku lawo lomaliza. Kumunda ankapita, kutchalitchi ankapita, koma kuphiri sanakwerenso. Chaka chilichonse mvula ikagwa ndinkawagulira bowa kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu wa kuphiri, iwo n'kumanena kuti si wokoma ngati wozula wekha. Ndikaona kutsimphinako ndinkadziwa gawo langa, ndipo mpaka lero nkhuku ndimadya mnofu wokha, fupa sindiswa.

Pobwerera kumudzi anaitenga nkhuku ija m'dengu lomwe lija. Sanalole kuti iphedwe, ngakhale pa Khirisimasi. Inakhala zaka zingapo ikudumpha ndi mwendo umodzi pabwalo, ikudyera m'chikhato chawo, ndipo inaswa anapiye kangapo. Atsibweni sanauzidwe kanthu. Iwo ankauza aliyense kuti mkulu wa kutsidya uja ndi katswiri, ngakhale ankadabwa kuti wodwala anayenda nkhuku isanayende.

Tsiku lina ndili kumudziko, mlendo wina anaiona ikudumpha n'kufunsa kuti nkhukuyi inatani mwendo. Ine ndinayang'ana pansi. Amayi anapitiriza kusola chimanga m'lichero, osandiyang'ana n'komwe.

"Imeneyo?" anatero. "Inagwa kuphiri ikuzula bowa."